Menyu yasanduka kabokosi kotuwa, mawu akudukira m'mphepete, lipoti silikupezeka: muyambire apa

Funso: Ndinapanga ndi Flutter (chida chopangira mapulogalamu a pa foni ndi pa kompyuta) pulogalamu yothandiza magulu a banki mkhonde kulemba masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja. Alembi amaigwiritsa ntchito pa mafoni a Android, woyang'anira magulu amaigwiritsa ntchito pa laputopu ya Windows. Pa kompyuta yanga zonse zinkayenda. Koma nditangowonjezera Chichewa, menyu ya madontho atatu yasanduka kabokosi kotuwa, mawu ena akudukira m'mphepete mwa sikirini, ndipo mlembi akadina batani lotulutsa lipoti, foni imati zatheka koma fayilo osaipeza. Ikapezeka n'kutsegulidwa mu Excel, mayina ena ali ndi zilembo zachilendo ndipo manambala a foni ataya ziro wakumayambiriro. Ndiyambire pati? Kapena ndingoyambiranso ndi chida china?

Yankho: Achemwali, musayambirenso ndipo musasinthe chida. Awa ndi mavuto atatu osiyana, lililonse ndi gwero lake, ndipo ngakhale mutasamukira ku React Native kapena ku Kotlin lero, nkhani ya mafayiloyo ikakupezani komweko, chifukwa mwini wake si Flutter koma Android ndi Excel. Chowalumikiza n'chimodzi. Pulogalamuyi inakulira pa kompyuta yanu, m'Chingerezi, pa sikirini yotakasuka, ndipo pano ndi pamene yakumana ndi eniake: alembi okhala ndi mafoni a itel ndi Tecno, ena atakulitsa zilembo kuti aziona bwino, ambiri opanda bandulo nthawi ya msonkhano.

Choncho musayambe ndi kusintha khodi. Bwerekani foni imodzi mwa amene akuvutawo. Pa About phone dinani Build number kasanu n'kawiri kuti Developer options itseguke, yatsani USB debugging, lumikizani foniyo ku laputopu, kenako lembani `flutter run`. APK (fayilo yoikira pulogalamu pa foni) imene munatumizira alembi ndi ya release, yomalizidwa yopita kwa anthu, ndipo ya release imabisa zolakwika zimene ya debug, yoyeserera, imaonetsa. Kabokosi kotuwa kamene iwo akuona, pa debug kamakhala kofiira, kolembedwa chimene chalakwika. Mawu amene kwa iwo akungodukira, pa debug amabwera ndi mizere yachikasu ndi yakuda pamodzi ndi nambala ya mapikiselo amene asefukira. Mauthenga akayamba kutsika pa terminal, kwerani pamwamba mukawerenge woyamba. Ambiri amathamangira womaliza poti ndi umene uli pamaso, chonsecho womalizawo kawirikawiri umakhala chotsatira chabe. Widget (kachidutswa ka zooneka pa sikirini) imodzi ikalephera kuyezedwa, zonse zodalira iyo zimadandaula nawo, ndipo munthu amatha tsiku lonse akukonza posalakwa.

Menyu

Poti zinayamba mutangowonjezera Chichewa, ndikuyembekeza kuti uthenga woyambawo ukhala wakuti "No MaterialLocalizations found". Mawu amene munamasulira m'mafayilo a ARB (osungira mawu omasuliridwa) ndi anu, amenewo alibe vuto. Koma ma widget a Material, amene amabwera ndi Flutter ali opangidwa kale, ali ndi mawu awoawo amene simuwaona m'khodi yanu: ofotokoza batani la madontho atatu, ofotokoza batani lotsegulira drawer, a pa kalendala, komanso Copy ndi Paste zimene zimabwera munthu akakanikiza polemba. Mawu amenewa amachokera mu `flutter_localizations`. Mmenemo muli zilankhulo zambirimbiri, Chiswahili ndi Chizulu zomwe, koma Chichewa, chimene chizindikiro chake ndi `ny`, mulibe. Ndiye mukauza pulogalamu kuti tsopano chilankhulo ndi `ny`, PopupMenuButton, batani la madontho atatu lija, imafunsa mawu ake, sipezeka woiyankha, n'kugwa. Batani lobwerera m'mbuyo, drawer ndi `showDatePicker` zili pa ngozi yomweyo, kungoti mwina alembi sanafikepo.

Mankhwala ake ndi kalasi kakang'ono kouza Flutter kuti akafunsidwa za `ny`, apereke mawu a Material a Chingerezi:

```
class ChichewaMaterial extends LocalizationsDelegate<MaterialLocalizations> {
  const ChichewaMaterial();
  @override
  bool isSupported(Locale locale) => locale.languageCode == 'ny';
  @override
  Future<MaterialLocalizations> load(Locale locale) =>
      GlobalMaterialLocalizations.delegate.load(const Locale('en', 'GB'));
  @override
  bool shouldReload(ChichewaMaterial old) => false;
}
```

Ikani kalasi kameneka pa mndandanda wa `localizationsDelegates`, ndipo lembani kena kofanana nako ka CupertinoLocalizations. Ndasankha Chingerezi cha ku Britain dala. Kalendala yake imayamba ndi tsiku kenako mwezi, monga timalembera kuno, pomwe ya ku America imayamba ndi mwezi, ndipo 03/04 ikakhala tsiku lobwezera ngongole, kusiyana kwa 3 Epulo ndi 4 Malichi kutha kuyambanitsa anthu pagulu. Mabatani a pa kalendala mukhoza kuwalemba m'Chichewa osavutika, chifukwa `showDatePicker` imalandira `cancelText`, `confirmText` ndi `helpText`. Ndipo `DateFormat` ya mu `intl` musaipatse `ny`, nayonso siichidziwa. Mayina a miyezi khumi ndi iwiri muwalembe nokha.

Kabokosiko kakachoka, mwina mupeza kuti menyu ikutseguka koma kudina sikuchita kanthu. Yang'anani kaye ngati PopupMenuItem iliyonse ili ndi `value`. Yopanda `value` imabweza null, ndipo Flutter amatenga null ngati kuti munthu watseka menyu osasankha kanthu, choncho amaitana `onCanceled`, osati `onSelected`. Palibe uthenga uliwonse wa cholakwika umene umatuluka, n'chifukwa chake vutoli limadya nthawi. Ngati mukutsegula dialog kuchokera pa `onTap` ya PopupMenuItem ndipo ikungothwanima n'kusowa, ndiye kuti muli pa Flutter wakale, amene ankaitana `onTap` kaye kenako n'kutseka chimene chili pamwamba, chomwe pa nthawiyo chimakhala dialog yanuyo. Sunthirani ntchitoyo pa `onSelected`.

Pa DropdownButton yosankhira gulu ndikuchenjezeretu. Musagwiritse ntchito dzina la gulu ngati `value`. Mayina ngati Tikondane ndi Tiyanjane amabwerezedwa mudzi ndi mudzi, ndipo tsiku limene woyang'anira adzalembetse lachiwiri, pa debug mudzalandira uthenga wakuti "There should be exactly one item with [DropdownButton]'s value", pomwe pa release magulu awiriwo adzangosokonekera mwakachetechete. Gwiritsani ntchito nambala ya gululo ya mu database, ndipo pa zimene munthu akuona, muwonjezere dzina la mudzi. Muikenso `isExpanded: true`, apo ayi dzina lalitali lidzasefukira.

Za pa laputopu ndinena mwachidule. Kuyambira pa Flutter 3.7, wa mu Januwale 2023, pali MenuBar ndi MenuAnchor zopangira menyu yapamwamba ngati ya mapulogalamu ena a pa kompyuta. Msampha wake ndi umodzi: mukalemba `shortcut` pa MenuItemButton, Ctrl+S imangoonekera pambali pa mawuwo, koma kuidina pa kiyibodi sikuchita kanthu mpaka mutailembetsa padera kudzera pa CallbackShortcuts kapena ShortcutRegistry.

Mawu odukira m'mphepete

Mu Flutter, widget yakunja imauza yamkati malire ake, yamkatiyo imasankha kukula kwake mkati mwa malirewo, kenako yakunja imaiika pamalo. Pafupifupi kusefukira kulikonse kumachokera pamene yamkati inauzidwa kuti malire palibe. Row, widget yondandalika zinthu cham'mbali, imachita zimenezi: chilichonse chimene sichinakulungidwe mu Expanded kapena Flexible imachiuza kuti m'lifupi tenga mmene ungafunire. Text ikamva choncho siona chifukwa chopindikira pa mzere wachiwiri, imangotambasuka mpaka kutuluka kunja.

M'Chingerezi simunaone vutoli chifukwa mawu ake anali aafupi. Foni ya mapikiselo 720 m'lifupi, monga ambiri mwa mafoni otsika mtengo, kwa Flutter imakhala ya 360 basi. Chotsanipo 16 mbali iyi ndi 16 mbali inayo, mwatsala ndi 328. M'malo amenewo mukufuna mulowe kachithunzi, mawu akuti Chiwongoladzanja, amene ndi zilembo 16 zopanda popumira, ndi ndalama ngati K125,000. Sizingakwane popanda kusankha chimene chipindike.

Kusankhako kukhale kwanu, osati kwa makina. Mawu ofotokoza ndi dzina la membala alowe mu Expanded, muwalole mizere iwiri. Ndalama zisakhudzidwe. Ndimaona anthu akuika `TextOverflow.ellipsis` paliponse pamene paoneka mizere yachikasu, ndipo mizereyo imasowadi, koma K125,000 imasanduka K12 ndi madontho atatu. Pa pulogalamu yowerengera ndalama za anthu, kumeneko n'kunamiza mlembi. FittedBox nayo sindiikonda pa mawu, chifukwa imafinya zilembo mpaka kuchepa, pomwe mayi amene anakulitsa zilembo pa foni yake anatero chifukwa maso akumuvuta. Mabatani awiri kapena atatu oyandikana, muwaike mu Wrap m'malo mwa Row, kuti malo akachepa lina litsikire pansi.

Nkhani ya kukulitsa zilemboyi ndi imene opanga mapulogalamu achinyamata saiganizira n'komwe. Android 14, wa mu 2023, amalola munthu kukulitsa zilembo mpaka kuwirikiza kawiri. Paliponse pamene munalemba `height: 40` pa Container yokhala ndi mawu, pamenepo mawu adzadulidwa mitu ndi miyendo. Chotsani manambala okhazikikawo, muikepo padding, kapena `minHeight` mu BoxConstraints, kuti bokosi lizikula ndi mawu ake. Pa intaneti mupeza malangizo akuti mutseke `textScaler` pa 1.0 kuti zonse zioneke ngati pa foni yanu. Musawatsatire. Mlembi amene sangawerenge sikirini adzabwerera ku kope, ndipo adzakhala atachita bwino.

Kiyibodi ikatseguka, Scaffold imachepetsa malo a `body`, ndipo Column imene inkakwana imasefukira kumunsi. Fomu iliyonse ikhale mu SingleChildScrollView kapena ListView. Kulemba `resizeToAvoidBottomInset: false` kumangochotsa uthenga wa cholakwika, koma malo olembapo ndalama amabisika kuseri kwa kiyibodi ndipo munthu amalemba osaona. Fomu ikakhala mu bottom sheet, muikepo `isScrollControlled: true` ndi padding ya kumunsi yofanana ndi `MediaQuery.viewInsetsOf(context).bottom`.

Mukakumana ndi "Vertical viewport was given unbounded height", ndi lamulo lomwe lija, kungoti molunjika pansi: ListView ili mkati mwa Column. Ikulungeni mu Expanded. `shrinkWrap: true` imathetsanso uthengawo, koma imachititsa kuti mizere yonse imangidwe nthawi imodzi, ndipo mndandanda wa masheya a chaka chathunthu udzayamba kukakamira pa foni ya 2GB. Ndipo ngati batani lanu lakumunsi likubisika pansi pa mabatani a foniyo, dziwani kuti kuyambira pa Android 15, mapulogalamu omangidwira API 35 amatambasulidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa sikirini. SafeArea ndi imene imawabweza.

Pa Windows sikirini si muyeso, muyeso ndi windo, chifukwa munthu amaikoka mmene akufunira. Gwiritsani ntchito LayoutBuilder, ndipo musafunse kuti "kodi ndili pa Windows?" koma kuti "ndili ndi malo otambalala bwanji?" Malire a Material ndi poyambira pabwino: pansi pa 600 muonetse monga pa foni, kuyambira 840 muonetse mndandanda kumanzere ndi tsatanetsatane kumanja. Kumbukiraninso kuti laputopu ya 1920 ndi 1080 imene Windows waikulitsa pa 150% imakupatsani 1280 ndi 720 yokha, choncho kutalika n'kochepa kuposa mmene mukuganizira. DataTable yotambalala ifunika kuyenda cham'mbali, koma pa kompyuta kukoka ndi mbewa sikuyendetsa mndandanda ngati mmene chala chimachitira pa foni. Muike Scrollbar yooneka nthawi zonse, apo ayi woyang'anira sadzadziwa kuti kumanjako kuli makolamu ena.

Lipoti

Apa ndi pamene ndikufuna mukhalitse, ndipo pa zonse zimene mwafunsa, chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu akuti "foni imati zatheka". Pitani pa khodi ya batanilo. Mupeza chimodzi mwa ziwiri: kapena mwaitana `writeAsBytes` popanda `await`, ndiye uthenga wa chipambano ukutuluka kulembako kusanathe, kapena pali `catch` imene ikumeza cholakwika osauza munthu. Konzani chimenechi lero, zina zonse zisanayambe. Mlembi amene wauzidwa kuti lipoti lasungidwa akhoza kugulitsa foni kapena kufufuta pulogalamu ali ndi mtima m'malo.

Tsopano fayiloyo ili kuti? Zimadalira njira imene munatenga. `getApplicationDocumentsDirectory()` pa Android imaloza m'chipinda cha pulogalamu yanu yokha, mmene mwini foni sangalowe, ndipo zam'menemo zimafufutika pulogalamuyo ikachotsedwa. `getExternalStorageDirectory()` imaloza mu `Android/data`, foda imene kuyambira pa Android 11 mapulogalamu oonera mafayilo anatsekeredwa. Fayilo ilipodi, koma mlembi sangaifikire.

Mwina munalemba nokha njira ya `/storage/emulated/0/Download`, monga amaphunzitsira malangizo akale. Imeneyo ndi imene imagwira pa foni ina n'kukana pa ina. Pa Android 9 kutsika m'munsi imafuna chilolezo cha WRITE_EXTERNAL_STORAGE. Android 10, wa mu 2019, anabweretsa scoped storage, lamulo lochepetsa malo amene pulogalamu ingalembemo mafayilo, ndipo Android 11, wa mu 2020, anaikhwimitsa moti chilolezo chija sichithandizanso kanthu. Pa mafoni atsopanowa pulogalamu ikhoza kupanga fayilo yatsopano mu Download, koma singalembe pamwamba pa fayilo imene si yake. Ndiye mlembi akachotsa pulogalamu n'kuiikanso, `lipoti.csv` yakale ija imakhala ya mlendo, ndipo kulemba kumakanidwa. Wina akuuzani kuti mupemphe MANAGE_EXTERNAL_STORAGE. Google Play amalola chilolezo chimenechi pa mapulogalamu ochepa okha, monga oyang'anira mafayilo ndi oteteza ku mavairasi. Ya banki mkhonde siyenera, ndipo siichifuna n'komwe.

Njira zabwino ndi ziwiri, ndipo zonse sizifuna chilolezo. Yoyamba: lembani fayilo mu `getTemporaryDirectory()` kenako muipereke kwa `share_plus`, imene imatsegula mndandanda uja wa WhatsApp, Bluetooth ndi imelo. Kunena zoona, chimene mlembi akufuna si kusunga fayilo mu foda, akufuna lipoti lifike kwa woyang'anira, ndipo njira imeneyi amaidziwa kale. Yachiwiri: mulole Android amufunse yekha posungira. Zenera lofunsirali lakhalapo kuyambira pa Android 4.4 mu 2013, ndipo `saveFile` ya mu `file_picker` imalitsegula mukaipatsa ma bytes a fayiloyo. Munthu akasintha maganizo n'kubwerera, mumalandira null. Pamenepo musanene kuti zatheka. Ine ndikanaika mabatani onse awiri, lotumizira likhale lalikulu.

Pa Windows gwiritsani ntchito `getSaveLocation` ya mu `file_selector`. Mukangolemba `File('lipoti.csv')` popanda njira yonse, fayilo imapita mu foda imene pulogalamu yayambira, ndipo ikakhala mu Program Files, Windows amakana. Pali zina ziwiri zimene mudzakumana nazo ndithu. Woyang'anira akatsegula lipoti mu Excel n'kudinanso batani lotulutsa lipoti la dzina lomwelo, Excel amakhala atagwira fayiloyo, ndipo mumalandira cholakwika nambala 32, chonena kuti fayilo ikugwiritsidwa ntchito ndi pulogalamu ina. Chigwireni, mumuuze m'Chichewa chomveka kuti atseke kaye Excel. China ndi dzina la fayilo. `DateTime.now().toString()` imatulutsa nthawi yokhala ndi madontho awiri oimirira, ngati 15:30, ndipo Windows salola chizindikiro chimenecho m'dzina la fayilo, pamodzi ndi \ / * ? " < > ndi |. Lembani ngati `lipoti_2025-03-14_1530`, ndipo ngati mukuikamo dzina la gulu, muchotsemo kaye zizindikiro zimenezi.

Tifike pa zilembo zachilendo. Fayilo yanu siinawonongeke. Excel ndi amene akuiwerenga molakwika. Dart amalemba mu UTF-8, mmene chilembo cha ŵ chimasungidwa ngati ma byte awiri, C5 ndi B5. Munthu akadina kawiri pa lipoti la CSV (fayilo ya mawu okhaokha, makolamu olekanitsidwa ndi mipatuliro), Excel wa pa Windows, akapanda kuona chizindikiro chomuuza kuti iyi ndi UTF-8, amawerenga byte iliyonse payokha potsatira ndondomeko yakale ya Windows-1252, mmene C5 ndi Å ndipo B5 ndi µ. N'chifukwa chake Malaŵi amatuluka MalaÅµi. Nkhodolero yopindika ija, imene makiyibodi ena ndi Word amaika m'mayina ngati Ng’oma, ndi ma byte atatu, ndipo imatuluka â€™. Chizindikiro chimene Excel amafunacho chimatchedwa BOM, ma byte atatu EF BB BF kumayambiriro kwenikweni kwa fayilo. Mu Dart mungoyamba ndi `'\uFEFF'` musanalembe mzere woyamba. Ngati pulogalamu yanu imawerenganso ma CSV, muonetsetse kuti chizindikirocho sichikumatirira pa dzina la kolamu yoyamba.

Ziro wa pa nambala ya foni ndi nkhani ina, ndipo BOM siithandiza. CSV ilibe njira yonenera kuti kolamu iyi ndi mawu, iyi ndi nambala; Excel amangoganiza yekha. Akaona nambala yoyamba ndi 0999 kapena 0888 amati iyi ndi nambala yowerengera, ziro wakutsogolo alibe ntchito, n'kumuchotsa. Kuiika m'mitengero sikumuletsa. Mukailemba moyamba ndi +265, amataya chizindikiro chophatikizira, ndipo poti manambala afika 12, amaionetsa ngati 2.66E+11. Choopsa kwambiri ndi manambala aatali a malisiti ndi a maakaunti: Excel amasunga manambala 15 okha, otsalawo amawasandutsa maziro, ndipo munthu akadina Save, enieniwo apita.

Onjezani pamenepo mpatuliro wa m'ndalama. Mukalumikiza zinthu nokha ndi `join(',')`, K12,500 imagawika pawiri, K12 kolamu iyi, 500 kolamu yotsatira, ndipo zonse za kumanja kwake zimasuntha. Ndondomeko ya CSV, RFC 4180 ya mu 2005, imati chinthu chokhala ndi mpatuliro, mitengero kapena mzere watsopano chikulungidwe m'mitengero. Phukusi la `csv` limachita zimenezi lokha. Komabe ndalama muzilemba 12500 chabe, popanda K ndi mpatuliro, kuti woyang'anira athe kuziwonkhetsa. Ndipo fayiloyo ikawoloka malire n'kutsegulidwa pa kompyuta yoikidwa m'Chipwitikizi, monga ku Tete, Excel wa kumeneko amayembekeza chizindikiro cha ; pakati pa makolamu, ndiye zonse zimaunjikana mu kolamu imodzi.

Mukaona mndandanda wa mavuto onsewa, yankho langa ndi lakuti lipoti lopita kwa munthu lisakhale CSV. Tulutsani xlsx, mtundu wa fayilo wa Excel weniweni. Phukusi la `excel` limakulolani kunena nokha kuti kabokosi aka ndi mawu, kudzera pa `TextCellValue`, aka ndi nambala. Ziro satayika, ŵ saduka, mpatuliro ulibe mphamvu, chilankhulo cha kompyuta sichisintha kanthu. CSV isiyeni ikhale yotumizira deta ku pulogalamu ina.

Simunatchule PDF, koma tsiku logawana ndalama likayandikira adzakupemphani pepala losindikiza loti mamembala asaine, choncho ndinenepo. Phukusi la `pdf` limayamba ndi Helvetica, ndipo limachenjeza lokha kuti "Helvetica has no Unicode support". Pa ŵ ndi pa nkhodolero yopindika pamatuluka kabokosi. Ikani fayilo ya Noto Sans kapena Roboto mu assets, yawamba ndi yonenepa yomwe, muitsegule ndi `rootBundle`, muipereke pa theme ya chikalatacho. Pewani `PdfGoogleFonts`: imakatenga zilembo pa intaneti nthawi imene lipoti likupangidwa, ndipo pansi pa mtengo pamene gulu lakumana mwina palibe netiweki. Ilinso ndi msampha wina. Flutter amaika chilolezo cha INTERNET m'ma manifest (mafayilo olembamo zilolezo za pulogalamu) a debug ndi profile okha, choncho chimene chikugwira pa tebulo panu chikhoza kukana pa APK ya release ngati simunachiwonjezere mu manifest yaikulu. Pomaliza, `pw.Page` ndi tsamba limodzi lokha, zosakwana sizipitirira kwina. Tebulo la mamembala liikeni mu `pw.MultiPage`, ndipo muliike molunjika, osati mkati mwa Container.

Mukakonza zonsezi, pangani gulu loyeserera limene lizikhala mu pulogalamu yanu nthawi yonse imene mukuimanga. Mukhale membala wa dzina lalitali kwambiri, wina wa dzina lokhala ndi ŵ, wina wa nkhodolero yowongoka, wina wa yopindika. Mukhale nambala yoyamba ndi ziro, ngongole yopitirira K1,000,000, ndemanga yokhala ndi mpatuliro, ndi magulu awiri a dzina limodzi. Mamembala akhale ochuluka moti PDF ifike tsamba lachitatu. Kenako mangani APK ya release, muiike pa foni yobwereka ija, mukulitse zilembo mpaka pomaliza, muzimitse deta, mutulutse lipoti kawiri motsatizana. Chotsani pulogalamuyo, muiikenso, mutulutsenso. Fayilo yotulukayo ikatsegulidwe pa laputopu ya woyang'anira, osati yanu, ndipo wodina mabatani akhale mlembi, inu muli chete pambali.

Chinthu chimodzi chimene lipoti la xlsx silingachite ndi kubwezeretsa zolemba za gulu foni ikabedwa kapena ikagwera m'madzi. Pamafunika batani lina lotulutsa kope la database yonse, ndi lina loilowetsanso pa foni yatsopano. Loyambalo ambiri amalipanga. Lachiwirilo ndi limene muyenera kuliyesa pa foni ina musanauze alembi kuti zolemba zawo n'zotetezeka.